Katoni wa Zibowo

Ntchito yanga ndi kusuzumira anthu pachibowo.
Anandipatsa katoni wa zibowo makumi asanu.
Ndikamuika pamwamba pa mayankho,
pomwe pada ndi pensulo ndimachonga,
pomwe payera ndimadutsa.
Dzina sindiliona. Nambala basi.

Loweruka lija analipo mazana atatu
m'holo ya sukulu ku Area 18,
mpando wolimbirana uli umodzi:
wosunga makiyi a nkhokwe ya mankhwala.
Ena analawirira kuchokera ku Chinsapo,
ena anatsika pakabaza fumbi lili m'nsidze,
wina anatulidwa pageti ndi galimoto ya magalasi akuda.
Dzuwa la Okutobala likuwotcha malata.

Mpira, bokosi, mpira, mpira, bokosi:
chotsatira n'chiyani?
Sitima ina yanyamuka ku Salima, ina ku Mchinji,
zikumana nthawi yanji pa Kanengo?

Zisanakumane sitimazo
mnyamata wa pamzere wachinayi anagwa,
miyendo ikumenya desiki, thovu kukamwa.
Mapensulo anaima kamphindi,
kenaka anayambanso kuteketa ngati anankafumbwe m'thumba.
Nambala 214 anadzuka.
Anamugoneka cham'mbali, namutsamiritsa mpango wake,
nakalipira mlonda amene ankabwera ndi supuni.
Anagwada pomwepo mpaka maso a mnyamatayo anabwerera.
Pamene ankakhalanso pampando
wotchi ya pakhoma inali itamudyera mafunso khumi ndi asanu.

Usiku uno pepala lake lili patebulo panga ku Kawale.
Pomwe anagwira, anaphonya anayi okha.
Kunsi konse kuli mbee.
Makumi atatu ndi chimodzi.
Nambala 87, amene sanatukule mutu n'komwe,
makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi.

Musafulumire kutukwana katoni wanga.
Bambo anga, a Yotamu Kachingwe,
anatha zidendene pamasitepe a ku Capital Hill
akumva bwerani mawa, bwerani Lolemba,
pomwe ana a alamu ankalowera khomo la kuseri
atanyamula kakalata ka mizere iwiri.
Ine, wobadwira ku Mgona,
ndinalowa ntchito kudzera pachibowo chomwechi.
Katoni alibe mlamu.
Safunsa kuti kwanu n'kuti, mumapemphera kuti,
sapempha ya fanta.

Ndiponso 87 ndamulakwiranji, wandilakwiranji?
Mwina anachita mantha.
Mwina kunyumba kuli pakamwa pasanu ndi pawiri
pomwe pakudikira pensulo yakeyo.
Makiyi aja amafunadi mutu wakuthwa:
ukaphonya kadontho pakati pa manambala
ndiye kuti boma lonse ligona opanda mankhwala a malungo.
Chisoni chokha sichiwerenga mabotolo.

Komatu makatoni amene amatuluka pakati pa usiku
mabuku n'kutsala ali bwinobwino,
siginecha pamalo pake, chidindo pamalo pake,
sabedwa ndi mbuli.

Magetsi azima.
Ndayatsa kandulo, ndakweza katoni m'mwamba,
ndipo pakhoma pagwa timadontho ta kuwala makumi asanu
ngati Lilongwe ukamuonera patali usiku
pobwera kuchokera ku Dedza:
apa nyali, apo nyali,
koma mzinda weniweni uli mumdimamo,
momwe anthu akusambitsa odwala, akubwerekana mchere.

Pansi pa fomu pali kabokosi ka ndemanga,
kakang'ono ngati bokosi la machesi.
Anatiuza kuti tisamalembemo zambiri,
pakuti ndemanga ndiye khomo limene alamu amalowera.
Ndikudziwa. Ndinaliona likutseguka.

Ndalemba 31, monga mwa lamulo,
ndipo sindinaname.
Mkazi wanga Eluby akufunsa kuchipinda
ngati ndamaliza.
Ndayankha kuti kwatsala limodzi.
Phula la kandulo ladontha pachala,
cholembera chikadali m'malere
pamwamba pa kabokosi kaja.